Mwana wanga akufuna zamagetsi, bambo ake akuti abwereze Fomu 4

MayiWaAtatu_Lunzu
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru, chifukwa kunyumba kwanga ino ndi sabata yachiwiri tikudya nsima osayang'anana. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, analemba MSCE n'kupeza mapointi 27. Ku yunivesite dzina silinatuluke. Bambo ake akuti abwereze Fomu 4 pasukulu yolipira kuti mapointi atsike, mwina n'kudzalowa unamwino. Mwini wake wakanitsitsa, akuti akufuna zamagetsi ku sukulu ya ntchito zamanja. Ndisaname, mwanayu zimenezi anayamba kale. Kasola kathu ka padenga analumikiza ndi iyeyo ali Fomu 2, ndipo tochi kapena wailesi ikafa kwa aneba amabwera nayo kwathu. Koma bambo ake akuti, "Mwana wanga wamkazi azikakwera makwerero m'nyumba za eni atavala ovolosi? Anthu adzati tinalephera kumuphunzitsa." Ndalama yomwe tili nayo ndi ya njira imodzi basi. Amene munadutsamo, ndiuzeni zoona zake.

Chitsulo_Ndirande
Mulekeni apite amayi. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo.

NamagetsiWaKuMzuzu
Achimwene a Chitsulo, mwambi umenewo ndi umene watipweteka. Waipa ndani apa? Mapointi 27 ndi kukhoza. Tikamalankhula choncho ndiye kuti tikuvomereza zomwe bambo akewo akuopa, zoti ntchito zamanja ndi kothawira anthu olephera. Ine ndi mkazi, ndinaphunzira zamagetsi, ndipo m'kalasi mwathu amene masamu ankawavuta anavutika koopsa. Kuwerengera kukula kwa waya woyenera ku kuka yamagetsi ndi giza pa nyumba imodzi si zongoganizira. Ukalakwitsa, nyumba imapsa anthu ali m'tulo.

Chitsulo_Ndirande
Pepani achemwali, sindimatanthauza kunyoza. Inenso ndimadya za manja anga, ndine wowotcherera zitsulo.

MphunzitsiWopuma_Dedza
Amayi, ndinaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri ndipo ana obwereza ndawaona ochuluka. Alipo amene zimawayendera, makamaka amene analemba akudwala kapena anali pasukulu yopanda aphunzitsi a sayansi. Koma mwana wobwereza mokakamizidwa kawirikawiri amabwerera ndi mapointi omwewo, ena amakwera kumene. Ndiye funso loyamba lisakhale la bambo kapena la inu. Mtima wa mwanayo uli kuti? Mwanena kale.

Tsono kuti mudziwe pomwe mukulowa. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja m'dziko muno alipo asanu ndi awiri: Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a m'madera, woyamba kutsegulidwa unali wa Ngara ku Karonga, ndipo alipo ena monga Chongoni kwathu kuno, Mponela ku Dowa, Aida Chilembwe ku Chiradzulu ndi Naminjiwa ku Phalombe. Palinso a mipingo ndi mabungwe, monga Don Bosco ku Area 23 ndi Mikolongwe. Amene amayang'anira zonsezi ndi a TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Iwo amalengeza malo, ana amafunsira, ndipo wosankhidwa amalipira zochepa poyerekeza ndi amene wangolowa payekha. Malo amenewo ndi olimbirana kwambiri, musaganize kuti n'kungofika. Yang'anani magiredi ake a masamu ndi sayansi, ndipo musaphonye tsiku lotsekera.

MayiWaAtatu_Lunzu
Zikomo aphunzitsi. Masamu anapeza 4, fizikisi 5. Chinamugwetsa ndi bayoloje.

MphunzitsiWopuma_Dedza
Ndiye taonani, unamwino umene bambo akufunawo umaima pa bayoloje yomweyo.

AkuJoni_Mayfair
Ine ndikhala kumbali ya bambo. Musandide. Ndinapita ku koleji ya zamanja zaka ziwiri, ndinaphunzira za mipope ya madzi. Nditamaliza ndinayenda ndi envelopu ya makalata Blantyre yense mpaka nsapato kutha. Paliponse akuti tikufuna wa zaka zisanu pantchito. Zaka zisanuzo ndikazipeza kuti ngati palibe wondilemba? Mapeto ake ndinakwera basi ya Joni. Kuno chaka choyamba ndinkatchetcha kapinga ndi kutsuka madamu osambiramo. Namwino ngakhale adikire, tsiku lina boma limamulemba, penshoni ilipo. Mmisiri ku Malawi amakalamba alibe chilichonse.

NamagetsiWaKuMzuzu
Panopa mukugwira chiyani kumeneko achimwene?

AkuJoni_Mayfair
Za mipope zomwezo. Bwana wina anandiona ndikukonza giza yomwe inkadontha pa nyumba yomwe ndinkatchetchayo, anditenga. Chaka chachinayi tsopano.

NamagetsiWaKuMzuzu
Ndiye chakupulumutsani ndi chiyani, si luso lomwelo?

AkuJoni_Mayfair
Eya, koma kunja. Ndi zimene ndikudandaula. Ndipo kuno pepala lathu silingolandiridwa, umayenera kulipititsa ku SAQA, bungwe la kuno loona za mapepala a sukulu, akaliunike, ndi ndalama zimenezo. Ambiri aife tikugwira ntchito ya mmisiri pa malipiro a wothandizira. Ana anga akukula osandiona. Sindingafunire mwana wa mayiwa moyo umenewu.

KalipentalaWaMchesi
Ine ndilankhule ngati amene ndimalandira ana a atachimenti, aja ochokera ku koleji odzaphunzirira ntchito pamalo ogwirira ntchito. Chaka chilichonse amabwera awiri kapena atatu. Vuto lalikulu lomwe ndimaona si ulesi ayi, ana ake ndi akhama. Koma ena amafika atamaliza chaka chathunthu asanagwirepo makina. Mnyamata wina anandijambulira papepala jointi ya chitseko bwinobwino, mayina a zigawo zonse m'Chingerezi, kuposa ine. Nditamupatsa thabwa la mlombwa ndi tchizulo ndinaona dzanja likunjenjemera. Anandiuza kuti kusukulu kwawo matabwa ankabwera mochedwa, ndipo puleni imodzi ankagawana anthu khumi. Ndinamuika pa ntchito yonola zida sabata ziwiri, kenako kupala matabwa mwezi wathunthu. Pomachoka anali atapanga yekha tebulo lomwe ndinagulitsa osachita manyazi. Panopa ali ndi shedi yake ku Kawale.

Ndiye amayi, musangomva dzina la koleji. Kwerani minibasi mukaone ndi maso. Pemphani kulowa m'chipinda chophunzirira ntchito, osati mu ofesi. Muone ngati mabolodi olumikizapo mawaya alipo angati, ana alipo angati, zoyezera magetsi zikugwira ntchito kapena zangokhala m'kabati. Mufunse ana amene ali chaka chachiwiri, osati mlembi wa pakhomo, kuti atachimenti anawapezera ndi akoleji kapena anadzifunira okha. Masiku ano timasukulu tamanja tachuluka m'matauni, tina tili ndi chikwangwani chokongola, mkati muli mabenchi ndi choko basi. Chikomekome cha mkuyu. Mufunsenso ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, apo ayi mwana adzatuluka ndi pepala loti palibe akulidziwa.

Akawuntanti_Kanengo
Zoti zipangizo zikusowa zimandiwawa chifukwa ndalama yake ndimaiona ikutuluka. Pakampani pomwe ndimagwira, monga olemba ntchito ena onse, timapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito ngati msonkho wa TEVET, ndipo amatolera ndi a MRA. Cholinga chake n'choti tiphunzitse amisiri omwe makampani omwewo adzawafune. Koma tinene chilungamo, ife a makampani tilinso ndi mlandu. Ambiri timapereka msonkhowo n'kusamba m'manja. Mwana akabwera kudzapempha atachimenti timamubweza pageti, kenako mawa tikudandaula kuti amisiri a ku Malawi sadziwa makina atsopano. Adziwira kuti? Koleji singagule makina aliwonse amene fakitale ili nawo. Makinawo ali kwa ife.

Chitsulo_Ndirande
Ndipo 1 peresenti ya malipiro a anthu angati? Olembedwa ntchito m'dziko muno ndi ochepa, ambiri tili m'mashedi ndi m'misika. Mphika wake ndi waung'ono kale.

Akawuntanti_Kanengo
Zoona zimenezo. Kampani zikamatseka kapena kuchepetsa antchito, ndalama ya maphunziro imachepa, amisiri abwino amachepa, kampani zina n'kumaitanitsa amisiri kunja. Zimangozungulira choncho.

GogoWaKuNtcheu
Ana inu simunaone. Nthawi ya a Kamuzu kunali a Payoniya, ku Nasawa komweko kunali malo awo ophunzitsirako. Achinyamata ankaphunzira ulimi, kumanga, ukalipentala, ndi mwambo. Atawathetsa mu 1993 palibe chinalowa m'malo mwake kwa zaka zambiri. Achinyamata anangotayidwa.

NyaGondwe_Rumphi
Agogo, ndi ulemu wonse, a Payoniya musawakumbukire mbali imodzi. Amayi anga anabwezedwa pa msika chifukwa chosowa khadi la chipani, ali ndi mwana kumsana. Luso ankaphunzitsa, inde, koma mantha amene ankabweretsa sitikuwafunanso. Ndipo maphunziro a zamanja sanayambe ndi iwo. Kwathu ku Khondowe, Robert Laws anatsegula sukulu ya Livingstonia mu 1894, ndipo anthu ankaphunzira ukalipentala, kusema miyala, kusindikiza mabuku. Agogo anga aamuna anali mmisiri wa matabwa wochokera kumeneko, ndipo m'mudzi ankapatsidwa mpando pamodzi ndi aphunzitsi. Kunyoza mmisiri kunabwera pambuyo, titayamba kuona ngati wophunzira ndi wovala tayi yekha.

GogoWaKuNtcheu
Za makadi sindikana mwanawe, zinachitika. Ine ndimangolira kuti mwana wa m'mudzi wosapita patali ndi sukulu anali ndi kolowera.

Makaniko_Biwi
Tabwererani kwa mayiwa, nkhani ya chipani itisokoneza. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndinaphunzira pagalaja, kuyamba ndi kutsuka masipanala ndi kugona pansi pa galimoto kumasula sampu. Zaka zitatu osalandira kanthu kupatula ya sopo ndi chimanga chootcha masana. Lero injini ndimaimva ndi khutu. Ndiye ine ndimati koleji n'kutaya ndalama. Mwanayo mumupereke kwa munthu wa zamagetsi wodziwika, aziyenda naye, ndalama ya fiziyo mumugulire zida.

NamagetsiWaKuMzuzu
Ayi achimwene, pa zamagetsi njira imeneyo yokha siikwana. Galimoto mukhoza kukonza popanda pepala, kasitomala akakhutira basi. Koma kuti ulumikize nyumba mpaka a ESCOM adzabweretse magetsi, pamafunika munthu wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Amene alibe amagwira ntchito yonse, kuswa khoma, kukoka mawaya, kenako n'kukalipira mnzake kuti asayinire. Thukuta lako, dzina la wina, ndipo ndalama mwagawana. Kwa mkazi ndiye kuposa. Ine ndikafika pa nyumba, mwini wake amayang'ana kumbuyo kwanga kudikira kuti mwamuna atsike m'galimoto. Chimene chimanditsegulira chitseko ndi pepala. Ndikayamba ntchito ndi pomwe manja amalankhula.

Makaniko_Biwi
Pamenepo ndamva. Inenso kunena zoona pali ntchito ina ya magalimoto a bungwe yomwe inandidutsa chifukwa ankafuna satifiketi. Ndipo magalimoto a masiku ano ndi a kompyuta, ukapanda kudziwa kuwerenga makina oyezera umangosintha zitsulo zabwinobwino.

MphunzitsiWopuma_Dedza
A Makaniko, inu pitani ku ofesi ya TEVETA mukafunse za RPL. Ndi njira yoti munthu amene anaphunzirira ntchito pagalaja kapena pashedi amuyese pa zimene akudziwa kale n'kumupatsa satifiketi, osabwerera m'kalasi zaka. Kale anthu ngati inu ankalemba Trade Test, kuyamba Grade 3 kukwera mpaka Grade 1. Musalole zaka zonsezo zikhale zopanda umboni.

Makaniko_Biwi
Sindinkadziwa aphunzitsi. Ndipita.

Telala_Zomba
Pali chinthu chimodzi chomwe abambo pano simukuchitchula. Mwana wa mchemwali wanga anapita ku atachimenti pa malo ena omanga, mtsikana yekha pakati pa amuna oposa makumi awiri. Chimbudzi chimodzi chopanda loko. Kapitawo anayamba kumuuza kuti fomu yake sasayina pokhapokha akaonane kumapeto kwa sabata. Mwanayo anangosiya kupita, osauza munthu, tinadziwa patatha mwezi. Chaka chinatayika. Amayi a ku Lunzu, sindikuti asapite, koma mukonzekere zimenezi. Mudziwe komwe akukagwira, mukaonekere nkhope, kapitawo adziwe kuti mwanayu ali ndi eni ake. Ndipo mumuuze kuti china chikachitika ayambe kuuza inu, simudzamukalipira.

NamagetsiWaKuMzuzu
Zimenezi n'zoona ndipo zinandichitikirapo. Ine ndinakanena kwa mphunzitsi wathu wamkazi ku koleji, anandisamutsa malo. Muuzeni asunge mauthenga a pafoni, asafufute. Koma tisaiwale kuti zoterezi zili paliponse, m'maofesi ndi m'zipatala momwe. Tikati atsikana asaphunzire zamanja chifukwa cha amuna opanda khalidwe, ndiye kuti talanga wosalakwa. Akafika pofuna atachimenti mundipeze ku inibokosi, ndili ndi anzanga aakazi ku Blantyre amene amalandira ana.

Chitsulo_Ndirande
Ine nkhawa yanga ndi ya pambuyo pa sukulu. Luso popanda zida ndi njala. Ndinayamba ndi makina owotcherera obwereka, tsiku lililonse kupereka kwa mwini wake kaya ndapeza kasitomala kaya ayi. Nditagula anga, mphepo ya Ana inagumula damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130 anachoka, kuzima kwake kosaneneka. Tinkagona pashedi kudikira magetsi abwere pakati pa usiku kuti timalize mafelemu a mawindo, aneba n'kumadandaula phokoso la galainda. Titangoti tipume, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Marodi, madisiki, chitsulo, zonse n'zochokera kunja. Unkauza kasitomala mtengo wa geti Lolemba, pofika Lachisanu ndalama ija siikwana ngakhale chitsulo chokha. Anzanga awiri anagulitsa makina n'kugula njinga za kabaza. Ndiye boma likamati achinyamata adzilembe okha ntchito, lizinenanso za magetsi ndi ndalama zakunja. Malawi 2063 ikukamba za mafakitale, koma fakitale yoyamba ndi shedi ngati yangayi.

Sola_Mangochi
Koma mavuto a magetsi omwewo ndi amene akutipatsa ntchito ife a sola. Kuno kunyanja malo ogona alendo, zipatala zazing'ono, mipope ya m'minda yothirira, aliyense akufuna sola. Amene akudziwa kuwerengera mabatire ndi inivheta moyenera ndi ochepa, ambiri amangolumikiza, miyezi itatu batire yafa. Sabata yatha ndinakakonza pa nyumba ina pomwe munthu anaika waya wopyapyala ngati wa wailesi kuchoka padenga, utasungunuka kale pulasitiki yake, pafupi ndi denga la udzu. Mwana amene anayamba kukonda sola ali Fomu 2 akaphunzira bwino sadzasowa chochita. Aphunzire zamagetsi zonse kaye, sola adzawonjezere pamwamba.

AkuJoni_Mayfair
Mwina zasintha chichokereni ine. Koma ndikubwerezabe, musamulonjeze mwana kuti akamaliza ntchito ikumudikira.

KalipentalaWaMchesi
Pamenepo tikugwirizana a ku Joni. Amayi, ngati ndalama ilipo yochepa, musaithere yonse ku fizi. Muziika padera pang'onopang'ono, teremu iliyonse mumugulire chida chimodzi: pulayazi yabwino, masikuludiraiva, tesita, kenako mita yoyezera, pomaliza dirilo. Pomaliza sukulu akhale ndi bokosi lake. Mwana wobwera ndi zida zake ngakhale ife timamulemekeza mosiyana, ndipo Loweruka akhoza kugwira timaganyu ta m'mudzi akadali pasukulu.

BamboWaAnyamata_Kasungu
Ine ndikuwamvetsa bambo akewo, musawaweruze. Bambo aliyense amafuna mwana wake adzagwire ntchito ya pamthunzi. Ife tinakula tikuuzidwa kuti limbikira sukulu ungadzakhale wonyamula njerwa. Mawu amenewo sachoka msanga m'mutu. Wanga wachiwiri atanena za kumanga ndinakhala mwezi osamuyankhula. Chinandisintha si mawu a munthu, ndinapita pomwe ankagwira ntchito ndinamuona atagwira pulani, akuuza anthu akuluakulu pomwe maziko adutse. Amayi, musalimbane nawo bambowo pamaso pa ana. Itanani amalume ake a mwanayo akhale pansi ndi alamu awo, ndipo ngati n'kotheka apite limodzi kukaona koleji. Mwamuna amavutika kubweza mawu pamaso pa mkazi wake, koma pamaso pa mlamu wake amapeza pothawira.

NyaGondwe_Rumphi
Ndipo mwanayo akhalepo pa zokambiranazo, alankhule yekha. Moyo ndi wake.

MayiWaAtatu_Lunzu
Abale, ndabweranso. Ndawerenga zonse, zina ndinawawerengera bambo ake usiku, makamaka za a ku Kasungu ndi za a ku Joni, kuti aone kuti sindikubisa zoipa zake. Sanayankhe kanthu tsiku limenelo. Loweruka achimwene anga anabwera kuchokera ku Chileka, anakhala pakhonde awiriwiri mpaka dzuwa kupendeka, kenako anamuitana mwana. Ine ndinali kukhitchini koma ndinkamva. Anamufunsa kuti ukalephera kumeneko udzatani, iye anati ndikalephera ndidzabwereza Fomu 4 ndi ndalama yanga ya maganyu. Bambo ake sanavomere ndi pakamwa, angoti Lachiwiri tipite tonse ku Soche tikaone, ndipo akufuna akaonenso koleji ina yachiwiri asananene chilichonse. Akuti unamwino sanausiye mumtima.

A NamagetsiWaKuMzuzu, ndakulemberani ku inibokosi, mwanayo akufuna akuyankhuleni yekha. A Kalipentala, pa zida zija, tiyambe ndi chiti, ndipo ku Limbe tingazindikire bwanji pulayazi yeniyeni ndi yachinyengo?

KalipentalaWaMchesi
Zimenezo ayankhe a zamagetsi, ine ndingakusokeretseni.

NamagetsiWaKuMzuzu
Yambani ndi tesita ndi pulayazi. Pa chogwirira cha pulayazi ndi masikuludiraiva payenera kulembedwa 1000V, ndipo mphira wake ukhale wokhuthala, wosasuntha mukaupotoza. Mukatseka pulayaziyo muiyang'anitse kudzuwa, podulira waya pakumane osasiya mpata. Musagule pa tebulo la panja, lowani m'sitolo ya zamagetsi ndipo mutenge lisiti. Uthenga wanu ndauona, ndimuimbira madzulo ano ndikatsika pa ntchito.